Lilime la Zondiwe Ngozo

Zondiwe Ngozo ankadziwa miyala ndi lilime. Ena amaunika ndi tochi, ena amasuzumira pa kagalasi kokulitsa zinthu, koma iye ankangotenga mwala, kuuponya m'kamwa, n'kutsinzina. Ankati mwala weniweni umazizira ndipo umachedwa kufunda, galasi limafunda msanga, pulasitiki ndiye osanena. Akaugogoda pa dzino ankamva kulimba kwake, ndipo akaulavulira m'dzanja malovu ankaonetsa mtundu umene unabisala pansi pa fumbi. Zinali zonyansa kuziona, tisanamizane, koma munthuyu sankaphonya.

Lusoli analiphunzira ku phiri lina la kwawo ku Ntcheu, kumene anakumba miyala yofiira zaka khumi ndi ziwiri. Kumeneko m'kamwa munali moyesera, munalinso mobisa. Wokumba akapeza kamwala kabwino ankakalowetsa pansi pa lilime, ndipo alonda a mwini mgodi ankazidziwa bwino zimenezo. Poweruka ankaimika anthu pamzere kuti aliyense ayasamule. Wokana ankamugwetsa chagada, wina kumukhalira pachifuwa, wina kumukanula nsagwada ndi nsonga ya ndodo. Womeza ankamumwetsa madzi a sopo n'kumumangirira pamtengo mpaka mwalawo utatuluka, kaya utulukire kumwamba kaya kumunsi. Zondiwe anaona mano a anzake ali mbwee m'fumbi kangapo konse.

Iye yekha sanamugwetsepo. Kapitawo wa alondawo, dzina lake Fredrick, anayesa tsiku lina. Anamugwira pakolala n'kumupisa chala m'kamwa. Zondiwe analuma chalacho mpaka fupa linamveka, kenako anagwira mkono wonse n'kuuthyolera pabondo ngati nkhuni. Ntchito inathera pomwepo, koma mbiri inayenda mpaka ku Lizulu, ndipo iye ankaikonda mbiriyo. Anali wamtima wapachala, ndipo amene ankamudziwa ankati manja ake amadzuka mutu usanadzuke.

Manja omwewo ndi amene anamupasulira banja. Pa ukwati wina mlamu wake anamuseka kuti amadya dothi ngati mayi wapakati, ndipo anthu anayi anachita kumuzula pamwamba pa mlamuyo nthiti zitatu zitathyoka kale. Nkhani inathera pachibale, koma mkazi wake Mirriam anamanga katundu, kubereka mwana wawo Tiyanjane, ulendo kwawo ku Balaka. Zondiwe anali asanamumenyepo mkaziyo ngakhale khofi limodzi. Mirriam anati sangakhale n'kumadikira tsiku lakelo. Patapita zaka zisanu anamwalira, ndipo mwana anatsala m'manja mwa azakhali ake.

Za mmene Zondiwe anafikira ku Toronto, m'dziko la Canada, n'zazitali, zinadzera ku Joni ndi m'maofesi ambiri. Chofunika n'chakuti anapeza kachipinda kapansi pa nyumba ku Etobicoke, n'kumakwera mabasi awiri kupita ku Brampton kukanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. Anapirira zaka zisanu ndi ziwiri mpaka mapepala ake okhalira atatuluka, ndipo sabata yomweyo anakagogoda kwa loya kuti aitanitse Tiyanjane. Mwanayo anali atakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Loyayo, mayi wamfupi wosadziwa kuseka, anatumiza fomu, kenako anamuyang'ana manja n'kumuuza mosapsatira. Mlandu wa ndewu ukangolembedwa pa dzina lake, fomuyo ikhoza kuima kapena kugwa. Ikagwa palibenso kubwereza, chifukwa mtsikanayo adzakhala atapitirira zaka zimene boma limawerenga munthu kuti ndi mwana. Mwayi unali umodzi basi, ndipo unali m'manja mwakemo.

Kuyambira tsiku limenelo Zondiwe anayamba kuyenda atagwira lamba. Anthu ankaona ngati ndi matama a munthu wa ku Ntcheu, koma kunali kumanga agalu awiri olusa. Tsiku lina masana m'basi, chidakwa china chinamutukwana za khungu lake n'kumulavulira pa jekete. Zondiwe anafinya lamba, mano ali gwa, n'kutsika pa siteji yotsatira. Kuseri kwa shopu ina anakhoma chitsulo cha bini ya zinyalala mpaka khungu la pa nkhonya linasendeka, kenako anasanza. Kwa eni kulibe mkuwe, anadziuza motero, n'kukwera basi ina.

Amene anamubwezera ku miyala anali Abiti Dulla, mayi wa ku Mangochi, dzina lawo Afiya, amene ankachita malonda a zokongoletsera zakale. Azungu okalamba akamwalira, ana awo amagulitsa zonse mpaka masipuni. M'timabokosi tawo mumatuluka matcheni asiliva odetsedwa ndi zaka, olendewera timiyala tosasema, tina tokulungidwa ndi waya, tina togwiridwa ndi tizikhadabo tachitsulo, ndi tina tating'ono tokoleka pa chibangili. Abiti Dulla ankagula zimenezo, kuzitsuka, n'kumazigulitsa kwa atsikana a m'tauni amene amati kamwala aka kamabweretsa mwayi, aka kamagonetsa tulo. Kwathu zoterezi timazitcha zithumwa n'kumazibisa m'chiuno kuti abusa asaone. Kuno amazivala poyera pachifuwa n'kumajambulitsa.

Anakumana pa phwando la Amalawi la mwezi wa Julayi, m'paki. Mayiwo anavala mwala wofiirira umene ankaunyadira kwambiri. Zondiwe anaupempha mwaulemu kuti auone, ndipo anthu asanadziwe chimene chikuchitika, unali m'kamwa. Anaulavula, kuupukuta pa malaya, n'kunena kuti ndi galasi. Abiti Dulla anamulalatira m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe, koma Lolemba anapita nawo kwa woyeza ndi makina, ndipo Lachiwiri anamuimbira foni. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankayendera limodzi m'misika ya zinthu zakale, mayi patsogolo, Zondiwe pambuyo ndi chikwama.

Anaika lamulo limodzi. Abiti Dulla ankayamba ndiwo kulankhula ndi wogulitsa, kumufotokozera kuti bamboyu ndi wokumba miyala ndipo amayesa mwanjira yakeyake. Wogulitsa akalola, ankapukuta mwalawo ndi kansalu ka sipiriti, Zondiwe n'kulawa, n'kuupukutanso. Ambiri ankaseka, ena ankaitana anzawo kuti adzaone. Zaka ziwiri zinatha motero popanda vuto, ndipo Zondiwe ankasangalala kuposa mmene anasangalalirapo chifikireni m'dziko lino. Ku makatoni anali msana chabe, koma Loweruka ankakhala munthu wofunsidwa nzeru.

Loweruka lina m'mwezi wa Malichi kunali msika waukulu mu holo ina ku Markham, matebulo oposa zana, ogulitsa ambiri achilendo ochokera kutali. Nthawi ya swala ya masana, pemphero la Asilamu, itakwana, Abiti Dulla anatenga kamkeka kawo kuti akapeze pangodya.

"Che Zondiwe, mundidikire pompano," anatero. "Osatesita chilichonse ndisanabwere. Awa satidziwa."

Zondiwe anavomera, ndipo ankanenetsa. Koma pa tebulo limene anaimapo panali kathireyi ka timiyala tokoleka pa chibangili, ndipo pakati pake panali kamodzi kangati mtedza, kofiira moderako, ka mbali zisanu ndi chimodzi, kosasema, kogwiridwa ndi siliva wakuda bii. Mwala wotero anali atausiya ku phiri kuja zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Sanaganize zoba, sanaganize kanthu n'komwe. Dzanja linangochita zimene linazolowera, ndipo kamwala konse ndi siliva wake kanalowa m'kamwa. Kanali kozizira bwino, kuzizira kosatha msanga, ndipo anatsinzina ndi chimwemwe.

Mwini tebulo anali mayi wachizungu amene anali ataberedwa kale mphete m'mawa womwewo. Ataona munthu wakuda wamkulu thupi akuponya katundu wake m'kamwa, anakuwa kuti akumeza. Zondiwe anatsegula maso kuti alavule, koma anachedwa. Mkono wa mlonda wa pamsikapo unali utamuzinga kale pakhosi kuchokera kumbuyo, n'kumukokera mutu m'mwamba. Mlonda wachiwiri anabwera kutsogolo n'kumufinya masaya. Onse awiri ankakuwa kuti alavule, pamene wina akumukanyanga pammero moti ngakhale mpweya sunkadutsa. Umbuli wawo unali womvetsa chisoni, chifukwa aliyense amene anaimapo pamzere wa kumgodi akudziwa kuti munthu sulavula mutu uli chagada. Kamwala kanayamba kutsetserekera kukhosi.

Thupi la Zondiwe linkadziwa chochita. Chidendene pa msongolo wa wakumbuyoyo, nkhongo pa mphuno yake, chigongono m'nthiti, ndipo wakutsogoloyo akanagwa ndi chibakera chimodzi chifukwa anali ataimika chibwano poyera ngati wosamenyedwapo. Zonsezi akanazimaliza munthu asanawerenge mpaka zisanu. Ukali unakwera mpaka m'maso munachita mdima. M'malo mwake manja onse awiri anapita pa lamba n'kugwira. Mumtima ankangotchula dzina la mwana wake.

Wakutsogolo uja anamupisa zala ziwiri m'kamwa. Zinali pakati penipeni pa mano, zonunkha khofi ndi sopo, ndipo Zondiwe anamva nsagwada zikufuna kutseka zokha. Anazikaniza. Misozi inatsika chifukwa cha kukanizako, osati chifukwa cha ululu. Mlondayo sanapeze kanthu, anangokankhira kamwala mkati, n'kutulutsa zala akutukwana. Pamenepo Zondiwe anasonkhanitsa mpweya wotsala, kukokera kamwalako kutsogolo, n'kutulutsa lilime kuti akakankhire kunja. Nthawi yomweyo wakumbuyo uja anamutchera mwendo n'kumukankha ndi thupi lonse.

Munthu aliyense akamagwa amatsogoza manja. Ngakhale mwana wophunzira kuyenda amatero. Zondiwe anaona simenti ikubwera, ndipo anadziwa kuti akangomasula manja awa sakagwira pansi, akagwira munthu. Sanamasule. Chibwano chinafika choyamba, ndi kulemera kwa anthu awiri pamwamba pake, lilime lili pakati pa mano. Phokoso lake linamveka mpaka matebulo a kutali.

Alondawo sanamusiye pomwepo. Bondo linamutsamira pamsana, nsapato inamupeza m'nthiti kawiri, katatu. Ankafuna kumupindira manja kumbuyo kuti amumange, koma manjawo sankachoka pa lamba, ndipo iwo ankaona ngati akulimbana nawo. Wina anatenga tochi yake yachitsulo n'kumamumenya pa mfundo za manja. Magazi ankatuluka m'kamwa chuchuchu n'kumayenderera pansi pa tebulo. M'magazimo munali kamwala kaja, ndipo pambali pake panali kanyama kena kamene anthu sanakazindikire msanga. Mwini tebulo atakazindikira anasiya kukuwa n'kukhala pansi.

Abiti Dulla anafika akuthamanga opanda nsapato, mpango utagwera paphewa. Anadzigwetsa pamwamba pa Zondiwe, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, n'kuuza alondawo m'Chingerezi kuti ngati akufuna kupitiriza ayambire pa iwo. Tochi inaima m'mwamba. Anthu amene anali chiimire ndi mafoni awo anayamba tsopano kulankhula onse nthawi imodzi, ngati kuti pakamwa pawo pangotsegulidwa kumene.

"Masulani lamba, achimwene, zatha," anatero mayiwo chapansipansi. Zondiwe anapukusa mutu. Anamasula atamva kuti apolisi alowa.

Wapolisi wamkulu anaonera mavidiyo a m'mafoni atatu, kenako anagwada pamene Zondiwe anagona n'kumutembenuza manja. M'zikhatho munali mizere iwiri yakuya pamene lamba anadula. Kunja kunali kotupa ndi tochi, koma pa nkhonya panalibe chilonda ngakhale chimodzi chosonyeza kuti wamenya munthu. Wapolisiyo analemba zimenezo m'kabuku kake, ndipo pa dzina la Zondiwe sipanalembedwe mlandu. Loya uja atamva anati alondawo ndi kampani yawo angathe kuimbidwa mlandu, ndipo anamutsimikizira kuti zimenezo sizingakhudze fomu ya mwana. Zondiwe analemba papepala kuti ayi. Kwa iye khoti linali khoti, ndipo sankafuna dzina lake limveke m'menemo mwanjira iliyonse mwana asanatere.

Kanyama kaja, nsonga ya lilime lake, wina anakatola n'kukaika m'kapu ya ayezi, koma kanali katapondedwa kale, ndipo madokotala anangosoka chimene chinatsala. Nthiti ziwiri zinapola, mano awiri osweka anawazula. Lilime ndiye linatsala lalifupi, lolimba kumapeto, losamva kanthu. Mawu ankatuluka ophwanyika, moti ku ntchito ankachita kuloza ndi chala. Atachira, Abiti Dulla anabwera kuchipinda kwake ndi timiyala tiwiri tofanana, kena kenikeni kena kagalasi. Zondiwe anatembenuza koyamba m'kamwa nthawi yaitali, kenako kachiwiri, n'kubwereranso ku koyamba. Anatibweza tonse m'dzanja la mayiwo atalephera kutisiyanitsa, ndipo iwo analira mokweza. Anamuuza kuti maso akadali nawo, azibwerabe Loweruka. Zondiwe ankapita, kunyamula chikwama, n'kumaima kutali ndi matebulo.

Zondiwe sanamuuze Tiyanjane zimene zinachitikazi. Kale ankaimbirana Lamlungu lililonse, koma tsopano Zondiwe analemba kuti foni yawonongeka polankhulira, azingolemberana. Mwezi unatha, iwiri, isanu. Foni yanji yosakonzeka ku Canada? Mtsikanayo sanali wopusa. Ankatumiza mawu ojambula, poyamba moseka, kufunsa ngati apeza mayi ena amene akuwaletsa kulankhula, kenako mosaseka, kufunsa chimene walakwa. Zondiwe ankamvera mawuwo m'basi, kubwereza katatu kanayi, n'kuyankha kuti zonse zili bwino, akonzekere ulendo. Abiti Dulla anamukalipira kuti akuzunza mwana, koma iye anawaletsa kuti asayerekeze kuimba ku Balaka. Anali ndi manyazi, manyazi enieni a mwamuna amene anagwetsedwa anthu akuona.

Mapepala a Tiyanjane anatuluka mu Okutobala. Masabata atatu otsatira Zondiwe ankaima pagalasi la kubafa m'mawa uliwonse kuyeserera dzina limodzi lokha. Tiyanjane ndi dzina lofuna nsonga ya lilime kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo dzinalo anasankha yekha mwanayo atabadwa.

Ndege inatera masana, tsiku lozizira la Novembala. Zondiwe anaima kutsogolo kwa chitsulo chotchingira anthu pa bwalo la ndege la Pearson atanyamula jekete yatsopano ya mwana, Abiti Dulla ali pambali pake. Zitseko zinkatseguka n'kutseka, kutulutsa anthu a mitundu yonse, mpaka anatulukira mtsikana wamtali wovala juzi yopyapyala, akukoka sutikesi yomangidwa ndi chingwe, maso akuyendayenda m'khamumo. Anali ndi chipumi cha mayi ake. Zondiwe anakoka mpweya n'kuitana. Chimene chinatuluka sichinali dzina. Mzungu amene anaima pafupi anacheuka n'kusendera kumbali, ndipo mtsikanayo anapitirira osatembenuka. Anachita kumuitana ndi Abiti Dulla.

Tiyanjane anasiya sutikesi n'kuthamanga. Anawakumbatira abambo ake, kenako anakumbukira mwambo, anabwerera pang'ono n'kupinda maondo pa matailosi pomwepo, anthu akumulambalala ndi ngolo zawo.

"Muli bwanji, ababa?"

Panalibenso kothawira. Zondiwe anayankha kuti ali bwino, kaya iye, ndipo mwanayo anamva mmene mawuwo anatulukira. Anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana chipsera cha pachibwano, mpata wa mano, kenako anawagwira tsaya n'kuwapempha kuti ayasamule. Zondiwe, amene anathyola mkono wa munthu chifukwa cha pempho lomwelo, anayasamula.

Tiyanjane anakula akumva mbiri ya bambo ake. Ku Balaka azakhali ake ankainena monyansidwa, anyamata a ku Ntcheu ankainena mosirira, koma onse ankagwirizana kuti Zondiwe Ngozo sanagonjepo kwa munthu. Tiyanjane ankaidalira mbiri imeneyo pa masiku ovuta a umasiye. Tsopano nkhope yake inasintha, chisoni chinasanduka ukali, ndipo Zondiwe anauzindikira ukaliwo chifukwa unali wake womwe. Mtsikanayo anafunsa amene anachita zimenezi. Abiti Dulla anayankha mwachidule kuti anali alonda awiri, pamsika, mwezi wa Malichi. Anafunsa ngati anali ndi mfuti, ndipo anamuuza kuti ayi.

"Anthu awiri okha?" anatero Tiyanjane. "Ndiye inu, ababa, munangowasiya?"

Abiti Dulla anatsegula pakamwa kuti afotokoze zonse, za loya, za fomu, za lamba. Zondiwe anawagwira pamkono n'kupukusa mutu. Mwana wangotsika kumene ndege, asayambe moyo wa kuno atasenza ngongole ya lilime la bambo ake. Anamuyang'ana Tiyanjane m'maso n'kugwedeza mutu kuti inde, anangowasiya.

Mtsikanayo anayang'ana kumbali, ndipo Zondiwe anaona kuti wakhumudwa naye. Zinamupweteka kuposa simenti ija. Anatambasula jekete, kumuveka mkono uwu ndi uwu, kumukokera zipi mpaka m'khosi chifukwa kunja kunali mphepo, n'kunyamula sutikesi.